Mwana wosayankhula ali ndi zonena

Lero tikambe za ana aang'ono amene akuchedwa kuyankhula, kaya chifukwa cha ulumali umene tikuudziwa kale kapena sitinadziwe chavuta n'chiyani. Ambiri a ife muno ndife amayi, ena ndife azakhali, ena timalera ana a eni ake. Ndiye nkhaniyi ndi yathu.

Tonse tinamvapo mawu aja oti “musiyeni, anyamata amachedwa” kapena “bambo akenso anayamba mochedwa”. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kudikira kumeneku kwadya zaka za ana ambiri, zaka zimene ubongo umaphunzira chiyankhulo mofulumira kuposa nthawi ina iliyonse. Mwana wa chaka chimodzi amayenera kumatembenuka mukamuitana dzina, kupanga phokoso la “bababa” ndi kubayibitsa. Akafika chaka ndi theka amaloza chimene akufuna, ndipo amakhala ndi timawu tingapo. Pa zaka ziwiri amayamba kulumikiza mawu awiri, monga “mama madzi”. Ngati izi sizikuoneka, kapena anali kuzichita kenako n'kusiya, nenani kusikelo. Sikelo si ya kulemera kokha ayi. Pemphani kuti alembe m'buku lake la kuchipatala ndi kukutumizani kwa dokotala.

Choyamba kupempha n'chakuti amuyeze makutu. Mwana akhoza kumamva chitseko chikamenyetsedwa koma osamva bwino mawu a munthu. Mafinya otuluka m'khutu kawirikawiri, chikasu choopsa atangobadwa, malungo a muubongo ndi matenda oumitsa khosi, zonsezi zimatha kuwononga kumva. Ku Blantyre kuli chipinda choyeza makutu pa Queen Elizabeth, ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic. Ngakhale khanda amaliyeza, sadikira kuti lizitha kuyankha.

Tsono pamene tikudikira mizere ya kuchipatala, panyumba tichite chiyani? Apa ndi pamene tikufuna tikhalitsepo.

Vuto lathu ife amayi ndi chikondi chofulumira. Mwana angoyang'ana ndowa, ife tamutungira kale madzi. Sanapemphe, ndipo sanaone chifukwa chopemphera. Yesani izi: khalani pansi kuti nkhope yanu ikhale pamene pali nkhope yake, nyamulani nthochi kudzanja ili, mbatata kudzanja ili, funsani “nthochi kapena mbatata?” Kenako khalani chete. Werengani mumtima mpaka 10. Zimaoneka ngati nthawi yayitali, eti? Akayang'ana nthochi, akatambasula dzanja, akatulutsa kaphokoso, wayankha. Nenani “nthochi!” n'kumupatsa pomwepo. Musamukakamize kuti “nena kaye”, musamumane chakudya kuti atchule mawu. Chimene tikumuphunzitsa n'chakuti akapereka chizindikiro, munthu amamumva.

Tchulani chimene iye akuyang'ana, osati chimene inu mukufuna ayang'ane. Ngati maso ake ali pa nkhuku, nkhani ndi ya nkhuku. Mawu akhale afupi, obwerezabwereza, pa ntchito zomwezo za tsiku ndi tsiku: posamba “madzi, sopo, tatha”, podya “phala, lina, basi”. Mukamamuseweretsa, mwina kumukodola kapena kumuimbira kanyimbo kamene amakakonda, imani pakati ndi kudikira. Muone mmene akupemphera kuti mupitirize.

Manja ndi zithunzi zigwiritseni ntchito. Pali mantha akuti mwana akazolowera manja sadzayankhulanso. Si zoona; zizindikiro sizitsekereza mawu, ndipo kwa ana ambiri zimachepetsa kulira ndi kudzigwetsa pansi chifukwa chosamvedwa. Dulani katoni, matanipo pepala la sopo, paketi ya shuga, chithunzi cha agogo, jambulani kapu ndi chimbudzi, mwana aziloza. Mwana amene thupi lake ndi louma kapena lofooka chifukwa ubongo unavulala pobadwa, amene madokotala amati ali ndi cerebral palsy, akhoza kumamva zonse zimene tikunena ngakhale pakamwa pakukanika. Ameneyo gwirizanani naye kuti kuyang'ana m'mwamba ndi “inde”. Ndipo chonde tisamakambe za iye ngati palibe.

Kwa mwana wosamva, chiyankhulo cha manja cha kuno ku Malawi ndi chiyankhulo chathunthu, chomwe chija timaona pakona ya kanema nthawi ya nkhani. Bungwe la anthu osamva la MANAD ndi poyambira pabwino. Sukulu ziliko, monga Maryview ku Chiradzulu, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba, koma mwana asakafike kumeneko ali ndi zaka 7 asanachezepo ndi mayi ake. Phunzirani banja lonse, ndi achimwene ake omwe.

Za m'tauni ziwiri mwachidule. Kuyankhula Chichewa panyumba pamene kunazale akumva Chingerezi sikuchedwetsa mwana, ndiye muyankhuleni m'chiyankhulo chimene inu mumasekera nacho. Koma foni ija timamupatsa kuti tichape mwamtendere, katuni sadikira yankho la mwana. Bungwe la WHO linanena mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamakhazikidwe pa kanema, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi patsiku. Sitikuweruza munthu, tonse tinachitapo.

Pali china chimene chimatiwawa. Mwana wotere akabadwa, mlandu umagwera mayi. Ena amati anakhwimira bizinesi, ena amati kwawo kuli tsoka, mwamuna n'kuyamba kubwera usiku mpaka kusowa. Mayi amene akuchita manyazi amatsekera mwana m'nyumba, ndipo mwana wotsekeredwa sakumana ndi anzake amene akanamuphunzitsa mawu pamasewera. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu a ulumali mu 2009, ndipo mwanayo ali ndi ufulu wopita kusukulu ya mmera mpoyamba ngati wina aliyense. Akamukana, funsani chifukwa chake, ndipo musapite nokha. Makolo a ana a ulumali ali ndi bungwe lawo la PODCAM.

Sabata ino, amene muli ndi mnzanu wolera mwana wotere, pitani mukakhale naye mwanayo ola limodzi kuti mayi ake agoneko. Mukafika, funsani mayiyo kuti mwanayu amati bwanji akafuna madzi, amati bwanji akatopa, kenako muphunzire zizindikiro zakezo musanatsale naye.