Makina Akale Oumba Zitsulo ndi Ubongo Wao Watsopano

Lero tikambirane za makina amene amaumba cipangizo kucokera ku ufa wa citsulo.

Ganizani za mmisiri womanga khoma: amayala mzere umodzi wa njerwa, atatha ayalanso wina pamwamba pace. Makina awa amacita cimodzimodzi. Amayala ufa mopyapyala kwambiri, kotero kuti mizere 50 yosanjikizana nthawi zina imangokwana milimita imodzi. Tsono kuwala kwamphamvu kwa laser, kolozedwa ndi timagalasi tiwiri togwedezeka mwaliwiro, kumasungunula ufawo pa malo ofunika pokha. Kampani ya EOS ya ku Germany inaturutsa makina otere mu 1995, ndipo mu 2004 inaturutsa ena ochedwa M 270.

Thupi la makinawo limakhalitsa, koma cimene cimakalamba msanga ndi kompyuta yowalamulira. Ambiri a zaka zimenezo anali ndi Windows XP, imene Microsoft inaleka kuisamalira mu 2014. Khadi limodzi la magetsi likapsa, lina lolowa m'malo mwace silipezeka msanga, ndipo makina a mtengo wapatali amangokhala cete m'fakitale, anchito nawo ali manja lende.

Ndico cifukwa cace akatswiri amacotsa ubongo wakalewo naikamo watsopano. Amaonjezanso makamera oyang'ana mzere uliwonse, kuti colakwa cioneke cipangizo cisanathe.

Musayese kuti ndi nchito yongosintha mawaya. Timagalasi tija tiyenera kuyesedwa mwatsopano, pakuti kuwala kukaphonya pang'ono pokha, cipangizo conse caonongeka. Koposa apo, mverani bwino ici: ufa wa titanium umayaka moopsa ukakomana ndi moto pali mpweya umene tipumawu. Motero m'kati mwa makina amadzazamo mpweya wa argon, ndipo kompyuta iyenera kukaniza laser kuyaka kufikira oxygen atacepa mokwanira. Iyeneranso kuizimitsa citseko cikatseguka, cifukwa kuwalako sikuoneka ndi maso, koma kumacititsa khungu. Ine ndiona kuti katswiri amene athamangira liwiro la makina asanatsimikize zimenezi sayenera kupatsidwa nchitoyo.

Ndipo ngati makinawo aumba zipangizo za ndege kapena zoika m'thupi la munthu wodwala, mwini wace ayenera kuumba zoyesera, nazithyola ndi kuzipima, asanaloledwe kugulitsanso kanthu.