MANTHA A MADZI AKUYA

Mawu olankhulidwa pa chikondwerero cha chigwirizano cha amayi

Komiti inatipempha ife amene tinali pa ulendo wa ku dziko la Jordan kuti tilankhulepo pa tsiku lalikululi. Za phiri la Nebo ndi za mtsinje wa Yordano anzathu afotokoza kale. Gawo lathu ndi la mantha, makamaka mantha a madzi akuya, pakuti nkhani imeneyi ikhudza nyumba zathu zonse.

Ife Amalawi tili ndi nyanja yaikulu, yozama mamita pafupifupi 700 pamalo pena, komabe amayi ambiri sitidziwa kusambira. Mantha athuwa ali ndi zifukwa zake. M'mitsinje muli ng'ona ndi mvuu, ndipo pa nyanja pali mwera umene umagubuduza mabwato. Makolo athu ankasimba za sitima ya Vipya imene inamira mu 1946, pamene anthu oposa 140 anatisiya. Tsono mwana wamkazi amakula akudziwa kuti madzi ndi otunga, ochapira ndi ophikira basi, ndipo akafika m'chiuno ayenera kubwerera.

Ndi mtima wotere tinafika mu mzinda wa Aqaba, doko lokhalo la dziko la Jordan, m'mphepete mwa Nyanja Yofiira. Ndi chigawo chomwe chija Mfumu Solomo inapangirako zombo zake, monga tiwerenga pa 1 Mafumu 9:26. Kumeneko alendo amaphunzitsidwa kutsika pansi pa nyanja atabereka thanki ya mpweya kumsana, chimene azungu amati scuba. Wotitsogolera atafunsa ngati alipo ofuna kuyesa, tonse tinaseka. Koma mmodzi mwa ife, mayi wamasiye amene mlongo wake anamira pa nyanja ali mnyamata, anati: "Zaka zonsezi madzi akhala akundilamula. Lero ndifuna ndione chimene chili pansipo." Sitikanamusiya yekha, chotero ena tinalembetsa naye pamodzi. Zimene tinaphunzira kumeneko tazigawa panayi.

Choyamba, mantha amachepa munthu akadziwa chinthu chimene akuchiopa. Paja akulu anati safunsa anadya phula. Tinafunsa mafunso ambiri, ndipo mphunzitsi wathu sanatope nafe. Chipangizo chopumira pansi pa madzi chinakonzedwa ku France mu 1943 ndi amuna awiri, Jacques-Yves Cousteau ndi Émile Gagnan. M'thankimo mulibe mankhwala ai, muli mpweya womwewu tikupuma m'tchalitchi muno, koma wopanikizidwa pafupifupi ka 200 kuti ukwane wambiri. Pali kawotchi kosonyeza mpweya wotsala, monga mayi amasuzumira m'nkhokwe kuti adziwe chimanga chatsala chotani. Kumaso munthu amavala galasi, kumapazi zipsepse za mphira, ndi m'chiuno lamba wa mtovu. Kwa inu amene mukudandaula za ulemu wathu, dziwani kuti chovala chake chimaphimba thupi lonse kuyambira m'khosi kufikira mu akakolo. Duku lokha ndilo tinasiya pamtunda.

Anatiuzanso chifukwa chake makutu amapweteka munthu akamatsika. Madzi ndi olemera, ndipo pa mamita 10 thupi limapanikizidwa kawiri kuyerekeza ndi pamtunda. Mankhwala ake ndi kutsina mphuno ndi kuuzira pang'ono, kawirikawiri, ululu usanayambe. Tisanapite kozama tinayeserera zonsezi pamalo osaya, pamene munthu akaimirira mutu umatuluka.

Chachiwiri, mdani wamkulu wa munthu m'madzi ndi phuma. Lamulo loposa onse ndi lakuti munthu azipuma nthawi zonse, modekha, osagwira mpweya m'chifuwa. Chifukwa chake n'chakuti mpweya umene munthu wapuma pa mamita 10 umafufuma kawiri akafika pamwamba, monga Robert Boyle anaonetsera mu 1662 kuti mpweya umakula kupanikiza kukachepa. Tsono munthu amene wachita mantha, nagwira mpweya, nathamangira pamwamba, akhoza kung'amba mapapo ake. Taonani amayi, chimene mantha amamuuza munthu kuti achite ndicho chimene chimamupweteka. Mphunzitsi anati mtima ukayamba kugunda tiime, tipume, tiganize, kenaka tichite. Ndipo zinachitikadi kuti madzi analowa m'galasi la mayi wamasiye uja tili pansi. Maso ake anatong'oka, koma anaima, napuma katatu, natulutsa madziwo pouzira ndi mphuno monga anatiphunzitsira, ndipo ulendo unapitirira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikumbukire Petro pa Mateyu 14, amene anayenda bwino pa madzi kufikira pamene anayang'ana mphepo. Ndipo pomira paja anapulumuka chifukwa anafuula kwa Ambuye amene anali naye pafupi.

Chachitatu, palibe amene amatsika yekha. Aliyense amakhala ndi mnzake woyang'anirana naye, ndipo asanalowe m'madzi amaonerana zipangizo ngati zamangidwa bwino. Popeza pansipo munthu sangalankhule, amagwiritsa ntchito manja. Kupanga kabwalo ndi chala chachikulu ndi cha mkombaphala ndiko kunena kuti zonse zili bwino. Kugwedeza chikhatho uku ndi uku ndiko kunena kuti pali vuto. Kuloza m'mwamba ndi chala chachikulu ndiko kupempha kuti tikwere. Wina akapempha kukwera, mnzake amakwera naye popanda kufunsa kapena kumunyoza. Kodi si ntchito yomweyi chigwirizano chathu chinakhazikitsidwira? Alipo amayi pakati pathu amene akumira m'ngongole, m'matenda, m'nkhanza za m'banja, koma akafunsidwa amangoti ali bwino. Tiyeni tiphunzire kupereka chizindikiro choona, ndipo tikaona cha mnzathu tisayambe ndi miseche.

Chachinayi, kusamala n'kosiyana ndi mantha. Tisanayambe tinayankha mafunso a zaumoyo. Mmodzi mwa ife amadwala mphumu, wina ali ndi vuto la mtima, ndipo awiriwa sanaloledwe kutsika. Iwo sanagonje kwa mantha. Anamvera nzeru, natidikira m'bwato akutipempherera. Oyamba kumene saloledwa kupitirira mamita 12. Pokwera munthu amakwera pang'onopang'ono, chifukwa mpweya wa nayitrojeni umene walowa m'magazi uyenera kutuluka mwadongosolo. Akafulumira umachita thovu m'thupi, monga botolo la zakumwa likatsegulidwa mwadzidzidzi, ndipo munthu akhoza kulumala. Pa chifukwa chomwechi tinapuma tsiku lathunthu tisanakwere ndege. Mkhristu wolimba mtima sayesa Mulungu.

Nanga pansipo tinaonako chiyani? Tinaona minda ya korali, ina ngati nyanga za mbawala, ina ngati bowa. Tinkayesa ndi miyala, koma ndi tizilombo tamoyo tating'onoting'ono timene timamanga nyumba zathu kwa zaka mazanamazana, ndipo n'zoletsedwa kuzigwira. Nyanja Yofiira ili ndi mitundu ya nsomba yoposa 1,000. Zina zinkabwera kudzatisuzumira pagalasi, ndipo palibe ina imene inatiluma. Kunali bata, moti tinkamva kupuma kwathu kokha. Tinazindikira kuti Mulungu anakongoletsa ngakhale malo amene anthu ambiri sadzawaona, ndi kuti mantha akanatimana zonsezi.

Tisaganize kuti madzi ndi a abambo okha. Pa chilumba cha Jeju ku South Korea amayi otchedwa haenyeo, ambiri a iwo oposa zaka 60, amatsika mamita 10 opanda thanki kukatola zakudya za m'nyanja, ndipo mu 2016 bungwe la UNESCO linalemekeza mwambo wao. Mayi Sylvia Earle a ku America anatsogolera gulu la amayi okhaokha amene anakhala masabata awiri m'nyumba ya pansi pa nyanja mu 1970, ndipo mu 1979 iwo anayenda pansi pa nyanja pa mamita 381 ku Hawaii. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma ngakhale kwathu kuno zinthuzi zilipo. Ku Cape Maclear kuli paki ya Nyanja ya Malawi imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Alendo amachokera kutali kudzatsika kumeneko ndi ku Nkhata Bay kuti aone mbuna, pamene eni akefe timangozimva.

Tsono tili ndi zopempha zitatu. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse linawerengera kuti mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira, kuphatikizapo ana ambiri. Kuopseza mwana sikumupulumutsa tsiku limene mtsinje wadzaza pochokera ku sukulu. Tipempha kuti ana athu, aakazi ndi aamuna omwe, aphunzitsidwe kusambira ndi munthu wamkulu wodziwa, pamalo osaya ndi opanda ng'ona. Tipemphanso kuti tivundikire zitsime ndi migolo ya madzi pakhomo, tikane kukwera bwato lodzaza mopitirira muyeso, ndipo jekete yoyandamitsa ikakhalapo tiivale popanda manyazi. Pomaliza, mayi aliyense atchule m'mtima mwake madzi akuya amene akuwaopa. Kwa ena ndi kukayezetsa khansa ya khomo la chiberekero, matenda amene atitengera amayi ambiri chikhalirecho akapezeka msanga amachizika. Kwa ena ndi kuimirira pamaso pa anthu kulalikira, kapena kubwerera ku sukulu ya kwacha. Funsani kwa odziwa, tengani mnzanu wa m'chigwirizano, ndipo mupite chaka chino chisanathe.

Ambuye amene anasunga amayi oyambitsa chigwirizanochi atisunge ifenso ndi ana athu.