Za Mabwinja a m'Minda ya Tiyi

Mau anga pa tsiku lino la chikondwerero ali a mabwinja.

Yense woyenda m'minda ya tiyi ya kuno ku Thyolo aona zipupa za njerwa zopanda denga, zina zong'ambidwa ndi mizu ya kachere. Ana athu ayesa kuti tiyi anali pano chiyambire, koma si kutero ai. Azungu oyamba anadza ndi khofi. Ndipo Joseph Booth, pogula malo amene anawatcha Plainfield, ndiwo Malamulo a lero, anayembekeza kuti khofi adzadyetsa mishoni. Khofiyo anakanika, ndipo m'chaka cha 1902 malowo anagulitsidwa kwa Aadiventi. Tiyi anabzalidwa ku Bandanga mu 1908, koma minda yambiri inakhalabe ya fodya. Ngakhale Maclean Kay, potsegula Satemwa mu 1923, anayamba ndi fodya. Chifukwa chache mukaona nyumba yaitali yopanda mazenera, yokhala ndi ng'anjo m'munsi mwache, dziwani kuti ndiyo balani youmitsiramo fodya.

Mabwinja amenewa ali ndi mwai, pakuti maina a eni ache analembedwa m'mabuku. Koma alipo ena opanda njerwa, ndiwo amene andisautsa mtima. Taonani, pakati pa tiyi wosadzidwa bwino paima mitengo ya mango iwiri kapena itatu, pena kankhalango kamene nkhwangwa siinakakhudza. Kankhalangoko ndi manda. Pafupi pache khasu litukula mapale, mafuwa, ndi mphero yokumbika pakati ndi manja a amai. Pamenepo panali mudzi.

Anakhalamo ndani? Amang'anja, eni nthaka. Ndi Alomwe, amene anaoloka Ruo pothawa nkhanza za Apwitikizi, nalandiridwa pa minda ya Azungu kuti akhale a thangata. Mau awa, thangata, kale anali okoma, a kuthandizana kumunda. Koma anasanduka mwezi umodzi wa ntchito wolipira malo, ndi wina wolipira msonkho. Ndipo mwezi wa pa tikiti ya kapitao unali wotalika koposa mwezi wa kumwamba. Lamulo la 1928 linalola mwini munda kuchotsa banja limodzi mwa mabanja khumi pakutha pa zaka zisanu ziri zonse. Ochotsedwawo anasenza akatundu ao, koma akufa ao anawasiya. Mkwiyo unakula kufikira Ogasiti 1953, pamene chipolowe chinabuka kuno nichifalikira m'maboma oyandikana, nafa anthu 11. Ndipo thangata sanathe kufikira 1962.

Tsono inu aphunzitsi, amene muyenda m'midzi sabata ndi sabata, ndikupemphani ntchito imodzi. Amene anaona thangata ndi maso ao atsala owerengeka, ndipo akalamba. Khalani nao pakhonde, osafulumira ai, nimuwafunse: mudzi uja unali wa yani, mwene kapena nyakwawa wache anali ndani, anatunga madzi pa mtsinje uti, ndipo pochotsedwa anamuka kuti. Lembani zonse m'kabuku, monga momwe mulembera maina a m'kalasi. Mukafuna kuona malowo, yambani mwapempha kwa oyang'anira munda. Ndipo kumanda musalowe popanda mfumu, kapena mbale wa ogona pamenepo.