Nthambo za Makompyuta: Zachishango Kapena Zopanda Chishango?

Aliyense womvera wailesi amalidziwa phokoso lothetheka lija limene limamveka mphenzi ikang'anima, kapena amisiri akamawotcherera zitsulo pafupi. Phokosolo limadza ndi mphamvu ya magetsi yomwazika mumlengalenga, ndipo sililekeza pa wailesi yokha ayi. Mphamvu yomweyo imalowanso m'nthambo zolumikiza makompyuta nisokoneza uthenga, kotero kuti kalata kapena mndandanda wa malipiro a antchito umachedwa kufika, mwinanso osafika kumene.

Njira yoyamba yolimbanira ndi vutoli njakale ndithu. M'chaka cha 1881, Alexander Graham Bell, katswiri wa lamya uja, analembetsa kuboma la America luso lopota mawaya awiri pamodzi monga apotera chingwe cha khonje. Nzeru yake ili apa: mawaya akapotana, phokoso lochokera kunja limagwera onse awiri mofanana. Tsono makina olandira uthenga amayesa kusiyana kwa mphamvu pakati pa mawaya awiriwo basi, ndipo chimene chalowa mofanana chimafafanizika chokha.

Nthambo yofala m'maofesi, yotchedwa UTP, imadalira luso lomweli. M'kati mwake muli mawaya 8 amkuwa, opotedwa awiriawiri, ndipo imanyamula bwino uthenga mpaka mamita 100. Inatchuka kuyambira 1990, pamene bungwe la IEEE linailoleza pa ntchito ya Ethernet. Njotsika mtengo, njofewa pokhotetsa, ndiponso siivuta kumangirira.

Ina ija, STP, imavekedwa chishango cha aluminiyamu wopyapyala kapena cha timawaya tolukana, chimene chimatchinga phokoso lisanafike pa mkuwa. Komatu apa mpamene ambiri amataya ndalama. Chishango chimagwira ntchito pokhapokha chitalumikizidwa bwino kunthaka, kudzera m'mapulagi achitsulo ndi m'kabati yosungiramo makina. Mmisiri akaika pulagi ya pulasitiki kumapeto kwa nthambo yotere, mwini ofesi wagula chishango chimene sichimteteza mokwanira. Choipa china, mbali ziwiri za nthambo zikalumikizidwa kunthaka pa malo osiyana mphamvu, magetsi amayamba kuyenda m'chishango momwemo, mlonda n'kusanduka wobweretsa phokoso.

Chomwecho kusukulu, m'sitolo ndi m'maofesi wamba, UTP njokwanira, malinga ikhale ndi mpata wakewake, yosagonera limodzi ndi mawaya a magetsi. Ikayenera kuwadutsa, iwadutse mopingasa. Chishango chimayenera kufakitale, pafupi ndi mota ya chigayo, jenereta kapena nyumba youlutsira mawu, ndipo pakhale mmisiri wodziwa kuyesa ntchito yake akamaliza.

Polumikiza nyumba ziwiri zotalikirana, makamaka kumadera kumene mphenzi zimagwa kawirikawiri, mkuwa wa mtundu uliwonse ngwoopsa, pakuti ungathe kulondolera mphenzi ku makina. Kumeneko pafunika faiba, nthambo yagalasi imene imanyamula uthenga ndi kuwala, yomwe magetsi sayendamo.