MWANA WOSAONA NDI ZA MUMTIMA MWACE

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a m'sukulu za kumidzi



Pali funso limene limabvuta mphunzitsi polandira mwana wobadwa wosaona m'kalasi mwace. Mwanayo sanaonepo nkhope ya amace ikuseka, ngakhale ya atate wace itakwiya. Kodi cimwemwe, mantha ndi manyazi amazimva monga anzace? Ena amayesa kuti iai, ndipo cifukwa ca maganizo otere amamkhazika kumbuyo kwa kalasi, namuiwala komweko.

Cinyanja comwe ciyankha funsoli. Munthu akakwiya, timati wapsa mtima. Akaopa, timati mtima uli m'mwamba, nkhongono zafooka, thupi lacita tsemwe. Akatonthozedwa, timati mtima wakhala pansi. M'mau onsewa diso silichulidwa konse. Makolo anadziwa kuti zotere zimamveka m'cifuwa, m'maondo ndi pakhungu, ndipo ziwalo zimenezi mwana wosaona ali nazo zonse.

Anthu ofufuza apeza comweco. M'caka ca 1872 Charles Darwin wa ku England analemba kuti obadwa osaona akacita manyazi, mwazi umathamangira kunkhope zao monga mwa anthu ena onse. Pa masewera akuru a ku Athens a m'caka ca 2004 panajambulidwa zithunzi za anthu ogwetsana m'masewera ochedwa judo, ndipo Jessica Tracy ndi David Matsumoto anazipenyetsetsa. Anaona kuti wobadwa wosaona akapambana amakweza manja ndi kutukula cifuwa monga wopenya, ndipo akagonja mapewa ace amagwa. Panalibe amene anamuonetsa kucita cotero. Thupi linadziwa lokha.

Pali cinanso. M'caka ca 2023 a ku Karolinska Institutet ku Sweden, pamodzi ndi anzao a ku Poland, anabukitsa za anthu osaona 36 ndi openya 36 amene anauzidwa kuwerenga kugunda kwa mtima wao, osagwira pacifuwa kapena pamtsempha. Osaonawo anawerenga molondola koposa openya. Popeza mantha ndi cimwemwe zimasintha kagundidwe ka mtima, munthu wakumva mtima wace bwino cotere sanganenedwe kuti samva kanthu.

Tsono kusiyana kuli pati? Kuli pawiri. Coyamba, mwana wopenya amaphunzira kusintha nkhope mwadala pakutsanza akuru, koma wobadwa wosaona akauzidwa kuti aonetse nkhope yodabwa, kawirikawiri zimambvuta. Nkhope yace ikhoza kukhala phe pamene akumvetsera ndi mtima wonse, ndipo mphunzitsi wosadziwa amamuyesa waulesi kapena wamwano. Caciwiri, mwanayo saona nkhope ya mphunzitsi. Mphunzitsi akagwedeza mutu pobvomereza yankho labwino, kwa iye palibe cacitika. Amangomva kuti m'kalasi mwati zii, mtima nuyamba kugunda, poyesa kuti walakwa. Anzace akaseka cinthu cimene aciona pabwalo, iye amayesa kuti akuseka iyeyo.

Cifukwa cace mphunzitsi wanzeru amaika nkhope yace m'mau. Amamchula mwanayo dzina asanamfunse funso. Akakondwa amanena momveka kuti, "Wayankha bwino, mwanawe." Kalasi likaseka, amamuuza coseketsaco kuti naye asekeko. Samgwira paphewa modzidzimutsa, koma amayamba walankhula. Pofuna kudziwa za mumtima mwace sayang'ana m'maso, koma amapenya manja ngati afumbata, mapewa ngati agwa, mpweya ngati ukuthamanga, namvetsera liu ngati likunjenjemera. Pambuyo pace, anzace atatuluka, amamfunsa kuti, "Ukumva bwanji mumtima?" Ndipo amamlola kufotokoza yekha, osamuikira mau m'kamwa.

Nchito yophunzitsa ana osaona si yacilendo m'dziko muno. Inayambika pa mishoni ya Magwero, pafupi ndi Chipata, m'caka ca 1905, mwa mai Issie Hofmeyr wa mpingo wa Dutch Reformed. Koma si ana onse angafike ku sukulu zotere. Ena adzagogoda pa sukulu ya pamudzi pao, pamene palibe buku la Braille ngakhale limodzi. Mphunzitsi wa pamenepo angakhale alibe zipangizo, ali nao mau ndi makutu. Tsiku loyamba mwanayo adzafika mtima uli m'mwamba, ndipo liu la mphunzitsi ndilo lidzaukhazika pansi.