KABWATA WA NYUMBA ZA UDZU

Nkhani ya lero ndi ya Kabwata, imodzi ya makomboni akale a mu Lusaka, ndiponso ya cisoni cimene akulu ena ali naco akakumbukira m'mene malowo analiri. Munthu woyenda mu mseu wa Burma masiku ano aona tinyumba tozungulira, tofolera ndi udzu, titaunjikana pafupi ndi nyumba zazikuru zosanjikana. Kumeneko amisiri osema mitengo ndi oluka madengu agulitsa nchito za manja ao kwa alendo. Acinyamata ambiri ayesa kuti tinyumbato tinamangidwa dala kuti alendo a kunja aone cifaniziro ca mudzi. Si tero ai. Timeneti nditotsala ta Kabwata weni-weni, m'mene munali kugona amuna amene anamanga ndi kutumikira mzinda wa Lusaka.

Njanji inafika kuno m'caka ca 1905, ndipo siteshoni yace yaing'ono inapatsidwa dzina la mfumu ya mudzi wa pafupi, Lusaaka. M'caka ca 1935 Boma la Northern Rhodesia linacotsa likulu lace ku Livingstone ndi kulikhazika ku Lusaka. Azungu a Boma anamangiridwa nyumba zazikuru pa mtunda wa Ridgeway. Koma likulu silikhala popanda amesenjala, ophika, omanga, osesa ndi makalaliki, ndipo anthu amenewa anafunika pogona. Maganizo a Boma pa nthawi ija anali akuti munthu wa ciAfrika ali mlendo cabe m'tauni; kwao ndi kumudzi, ndipo akatha mphamvu abwerere komweko. Cifukwa ca ici, m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, anamanga ku Kabwata tinyumba mazana angapo ta cipinda cimodzi, toyenera mwamuna mmodzi wopanda banja.

Aliyense wokulira kumudzi adziwa gowelo, nyumba yogonamo anyamata amene sanakwatire. Kabwata anali gowelo lalikuru, koma ogonamo ace ambiri anali abambo a ndebvu, okhala ndi akazi ndi ana kwao. Nyumba inali kuyenda pamodzi ndi nchito: munthu akacotsedwa nchito, nyumbanso inali kumcoka. Citupa cinali cosasiyana naco, pakuti apolisi anali kugogoda pa zitseko usiku kufuna-funa anthu okhala m'komboni popanda cilolezo. Madzi anali a pa mpopi wa anthu ambiri, zimbudzi cimodzi-modzi. Kufulula mowa kunali koletsedwa. Wofuna kumwa anayenera kupita ku nyumba ya mowa ya akulu oyang'anira tauni. Pa dzinja matope anali kufika m'zipondo, ndipo udzu ukakalamba mvula inali kudontha pa mphasa.

Nanga tsono akulu alira ciani akanena kuti Kabwata wa kale anali wokoma? Yankho lace lipezeka pofunsa m'mene mlendo anali kulandiridwira. Mnyamata wocokera ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, anali kutsika lole ali mbuu ndi pfumbi la mseu wa Kum'mawa, wopanda ndalama ndiponso wosadziwa nyumba iri yonse. Iye anali kungofunsa kuti anthu a kwa Mpezeni, kapena a kwa Kawaza, kapena a kwa Kalindawalo ali mbali iti. Dzuwa lisanalowe anali atapeza wina wodziwa amalume ace. Ameneyo anali kumyalira mphasa, kumdyetsa, kumbisa apolisi akafika, ndi kumnenera kwa kapitao kufikira atapeza nchito. Sanali kulipira kanthu. Ngongole yace inali yakuti iyenso adzalandire wina wobwera pambuyo pace.

Madzulo anthu anali kuphika panja, cifukwa m'nyumba munali mocepa. Wophika nsima sakanatha kubisa mphika wace, ndipo amuna anai kapena asanu anali kusonkha ndiwo ndi kudya pamodzi monga acitira pa mphala kumudzi. Kumapeto kwa mwezi anali kucita cilimba, kupatsana malipiro mosinthana, kuti mmodzi agule njinga mwezi uno, wina atumize bulangete kwao mwezi wa mawa. Wodziwa kulemba anali kulembera anzace makalata ndi kuwawerengera mayankho, kotero kuti anali kusunga zinsinsi za mabanja ambiri. Munthu akadwala, oyandikana naye anali kuzindikira m'mawa womwewo poona citseko cosatseguka. Akamwalira, anzace anali kuyendetsa mbale ya ndalama, kukumba manda, ndi kutumiza uthenga pamodzi ndi katundu wace kwa abale. Mau akuti kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu, anali lamulo losungidwa koposa malamulo a Boma.

M'menemo munasakanizika mitundu: Acewa, Angoni, Ansenga, Abemba, Atonga, Alozi, anthu a ku Nyasaland, pamodzi ndi Asoli ndi Alenje, eni ace a dera lino. Pa mpopi ndi pa moto panakulira Cinyanja ca mu Lusaka, cimene catola mau kwa onsewa. Pa Sondo masana ng'oma zinali kulira, mtundu uli wonse ndi gule wa kwao. Kuyambira m'caka ca 1949 kunafika wailesi ya mtengo wocepa, Saucepan Special, yooneka ngati sefuliya, imene inali kugulidwa £5. Mwini wace sanali kumvera yekha. Anali kuitulutsa pa khomo, ndipo khamu linali kukhala pansi kumva nkhani za dziko ndi nyimbo za Alick Nkhata.

Zinthu zinayamba kusintha m'caka ca 1948, pamene panaikidwa lamulo lofuna kuti anchito okwatira apatsidwe nyumba zokhalamo ndi mabanja ao m'tauni. Makomboni a Chilenje ndi Matero anakula ndi nyumba za zipinda zingapo. Ndi m'makomboni otere m'mene nkhani za ufulu zinakambidwa. Kenneth Kaunda anakhala m'nyumba ya nambala 394 ku Chilenje kuyambira 1960 kufikira 1962. Ufulu utabwera pa 24 October 1964, munthu sanafunenso citupa kuti akhale mu Lusaka, ndipo anthu anathamangira kuno. M'caka ca 1963 mzinda unali ndi anthu ngati 123,000. Pofika 1969 anali atapitirira 260,000. Tinyumba ta cipinda cimodzi sitinathenso kukwanira mabanja, ndiponso ambiri anali kutiona ngati cikumbutso ca manyazi a nthawi ya atsamunda. M'zaka za m'ma 1970 tambiri tinagwetsedwa, ndipo pa malo pace panamangidwa nyumba zosanjikana. Tinyumba 43 tinasiyidwa, ndipo m'caka ca 1974 tinasanduka Kabwata Cultural Village.

Lero Lusaka ali ndi anthu opitirira mamiliyoni awiri. Dandaulo la akulu ndi lakuti nyumba zambiri zazingidwa ndi mipanda ya njerwa ndi zitseko za citsulo, kuti munthu angathe kukhala zaka khumi osadziwa dzina la woyandikana naye, ndi kuti mlendo wogogoda ayamba kufunsidwa cimene afuna asanapatsidwe mpando. Dandaulo limeneli liri ndi coonadi, ndipo siliyenera kusekedwa.

Komabe walira mvula walira matope. Umodzi wa Kabwata unabadwa m'masautso. Amuna aja anali kudya pamodzi cifukwa mabanja ao anali kutali, ndipo anali kubisana cifukwa lamulo linali kuwasaka. Pali mboni zina zimene sizifunsidwa kawiri-kawiri, ndizo akazi amene anatsala kumudzi. Iwo akumbukira zaka zimenezo mwa njira yina: kulima munda okha, kulera ana osadziwa nkhope ya atate ao, kuyembekeza kalata yosafika, ndi kumva potsiriza kuti mwamuna wasanduka mcona. Amene anatsatira amuna ao anaberekera ndi kulerera ana m'cipinda cimodzi comweco, momwenso munali ufa, njinga ndi mlendo. Mwa amai otere ndi ocepa amene angafune kubwerera m'tinyumba tija. Ndiponso nkhalamba ikanena kuti nsima ya kale inali yokoma, mwina ikumbukira mano amene inali nao.

Cotero cimene ciyenera kuliridwa si udzu kapena matope, koma mwambo wa kuyesa mnansi mbale. Mwambo umenewo sunagwetsedwe ndi makina ogwetsa nyumba, pakuti uonekabe pa maliro, pamene oyandikana atulutsa mipando ndi kugona panja, ndiponso m'cilimba ca amai a pa msika. Cacepa ndi kuucita pa masiku wamba, popanda imfa yoitana anthu. Kupereka moni pa makwerero a nyumba yosanjikana, kufunsa cifukwa cace citseko ca mnansi sicinatseguke, kuuza mnyamata wacilendo kumene kuli nchito: zonsezi zitheka m'nyumba ya njerwa monga zinathekera m'nyumba ya udzu.

Amuna amene anagona m'tinyumba tija ali anyamata atsala owerengeka, ndipo ali okalamba ndithu. Mdzukulu amene ali ndi ambuye otere acita bwino kukhala nao pansi msanga ndi kuwafunsa kuti anawalandira ndani tsiku loyamba mu Lusaka, ndi kuti iwo analandira yani. Afunsenso ambuye ace aakazi m'mene anakhalira zaka zomwezo. Akamva mbali zonse ziwiri adzadziwa mtengo umene makolo ace analipira kuti iye akhale mwini mzinda, pamene iwo anali kuyesedwa alendo.