Msangu, mtengo wovula pa dzinja

Lero tikambe za mtengo umene umayenda mosemphana ndi anzake onse m'tchire.

Mukadutsa ku Salima kapena m'chigwa cha Shire mwezi wa Januwale, mvula ili pakati, dziko lonse lili biriwiri, mudzaona m'minda ya chimanga mitengo ikuluikulu ili mbuu, yopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Mlendo amafunsa kuti, "Kodi mitengo youmayi simukudula nkhuni bwanji?" Ayese kuinyamulira nkhwangwa, aone mwini munda m'mene atulukire m'nyumba! Siyouma ayi. Umenewo ndi msangu, umene akatswiri a zomera amautcha Faidherbia albida.

Mitengo yambiri imayoyola masamba m'chilimwe posunga madzi, n'kuphukira mvula ikayandikira. Msangu umadikira kuti mvula yoyamba igwe, cha mu Novembala kapena Disembala, ndiye uvule. Mvula ikamasiya, anthu akuyamba kukolola, iwo ndi pamene ukuvala masamba atsopano, kenaka maluwa otuwira ngati chikasu, njuchi n'kupezapo chakudya pamene maluwa ena asowa. Mphamvu yake ili pansi. Muzu wake waukulu umalowa m'nthaka mamita ambiri mpaka kukapeza madzi a pansi, choncho dzuwa la mu Okutobala siliuopsa.

Tsono taonani m'mene nthawi imeneyi imakomera mlimi. Masamba amagwa ndendende pamene iye akubzala. Ndi timasamba ting'onoting'ono, sitichedwa kuwola pa chinyezi. Ndiponso msangu ndi wa banja limodzi ndi nyemba ndi nandolo: ku mizu yake kumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakoka nayitrojeni mumpweya, chakudya chomwechija timagula m'thumba la yureya. Chimanga cha pansi pake chimalandira manyowa, ndipo dzuwa chimalionanso bwino chifukwa pamwamba palibe mthunzi. Yesani kubzala pansi pa mango muone kunyozoloka kwake. Pansi pa msangu mapesi amakhala onenepa, masamba obiriwira moderako, moti ukaima patali umaona ngati wina wathira feteleza mozungulira mtengowo pokha.

Chilimwe chikafika pachimake, msipu utapsa ndi lupsa, msangu umagwetsa zipatso zake zopotanapotana, zofiirira. Mbuzi ndi ng'ombe zimaswera pomwepo, zikudya ndi kubisala dzuwa, ndowe n'kumasiya m'munda momwemo. Ku Mana Pools ku Zimbabwe, m'mbali mwa Zambezi, njovu zina zinaphunzira kuimirira ndi miyendo yakumbuyo kuti chitamba chifikire nthambi za mtengo womwewu. Alimi a ku Niger nawo amausunga m'minda ya mchewere ndi mapira, ndipo m'Chihausa amautcha gao.

Chovuta chake, msangu sufuna munthu wa phuma. Zaka zoyambirira umaoneka ngati kachitsamba ka minga kongobaya miyendo popalira, chifukwa umayamba wamanga muzu usanakwere m'mwamba, ndipo ambiri amautema pa msinkhu umenewu. Njere yakenso ndi ya khungu lolimba. M'tchire imamera bwino ikadutsa m'mimba mwa chiweto. Inu pofesa, ingoyibudulani pang'ono m'mphepete ndi chowengera zikhadabo kuti madzi alowe.